Thandizeni abale, za chigawo cha Kherson ku Ukraine

Moni nonse akuluakulu ndi anzanga. Mwana wa achemwali anga ali Fomu 4 nde aphunzitsi a jogalafe awapatsa ntchito yolemba za dera lakunja lomwe ulimi wake umadalira nthirira, iye wasankha Kherson Oblast kummwera kwa Ukraine kuja, ndipo poti foni ya intaneti pakhomo pano ndili nayo ndine ndekha zonse zagwera ine.

Tapezako kale kuti chigawochi chinakhazikitsidwa mu 1944 koma mzinda wa Kherson ndi wakalekale, 1778 nthawi ya mfumukazi ya Russia Catherine II. Mtsinje wa Dnipro umadutsa pakati nkukathira ku Black Sea, kummwera chachita malire ndi Crimea. Amalimako tirigu ndi mpendadzuwa, koma mvula ndi yochepa nde mavwende amatchuka nawo aja, matimati, anyezi, zambiri zinkayendera madzi a damu la Kakhovka kudzera mmakanalo. Damulo linagumulidwa pa 6 June 2023 nkhondo ya Russia ndi Ukraine ili mkati, madzi onse kuphwa.

Funso langa nali, alimi kumeneko pano akuthirira ndi chani, akumba zitsime kapena minda angoisiya? China, mwanayu alembe bwanji za ulamuliro poti mzinda wa Kherson unabwerera mmanja mwa Ukraine mu November 2022 koma tsidya linalo la mtsinje kuli asilikali a Russia? Ine ndamuuza alembe kuti ndi Ukraine basi nkufotokoza za nkhondoyo pansi pake, kaya aphunzitsi akavomera.

Aphunzitsi a jogalafe muli muno kapena amene munakhalako ku Ukraine chonde tiunikireni, ntchitoyi akaipereke Lolemba.