Manja a kasitomala akuchita dzanzi, koma foloko inadulidwa kale

Wa ku Woodstock:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Kushopu kwabwera njinga ya titanium, yopangidwa motengera msinkhu wa mwini wake. Handulo ndi stem (kamkono kolumikiza handulo ku foloko) zake ndi chinthu chimodzi cha carbon, handulo 42 cm m'lifupi, stem 120 mm m'litali, mapaipi a mabuleki anadutsa m'kati. Bambowa akuti akangopalasa ola limodzi, zala ziwiri zakumapeto zimachita dzanzi, khosi nalo gwa! Akukonzekera mpikisano wa njinga wa Cape Town Cycle Tour wa mu March, makilomita 109 aja. Kukweza handulo sizingatheke, chubu cha foloko chomwe stem imagwirapo anachidula kale. Ndimati ndisunthire chishalo kutsogolo.

Wa ku Bellville:
Ayi achimwene, musatero. Chishalo chikapita kutsogolo, thupi lonse limatsamira pamanja, dzanzi lija mwaliwonjezera. Yambani mwaika level pachishalopo, mwina chinazyolika. Kenako akwezeni pa trainer (choimikapo njinga kuti munthu apalase ali pamalo amodzi), apalase mwamphamvu ndithu, muwauze asiye handulo pang'ono. Akagwera kutsogolo, vuto layambira kumbuyo, kuchishalo.

Wa ku Randburg:
Akulu anena zoona. Muonenso zigongono zawo akagwira pa hood, pamphira wokuta zogwirira mabuleki. Zikawongoka ngati ndodo, ndiye kuti akuchita kunyanyamphira. Ineyo ndinapsa nazo chaka chatha: ndinaitanitsa handulo yodula ndisanayese, kasitomala anaibweza patangotha sabata, ndalama zinadulidwa kumalipiro anga. Masiku ano ndimayamba ndamanga stem wamba ya aluminium ya 31.8 mm pogwirira handulo, munthu apalase nayo kaye.

Wa ku Woodstock:
Ndabwerako. Chishalo chinalidi chozyolika, mphuno pansi mochita kuoneka ndi maso. Ndachiwongola. Atasiya handulo sanagwe, koma zigongono zikadali zowongoka, ndipo mikono ikupindikira kunja. Mapewa ndayeza, ndi 39 cm.

Wa ku Bellville:
Basi, handuloyo yawakulira. Yesani ya 40 cm ndi stem ya 100 mm, ya madigiri 6 ija muitembenuze iloze m'mwamba, mupezapo kamsinkhu komwe foloko yakumanani. Mapaipi adzafunika kumasula, choncho muwauziretu mtengo wochotsa mpweya m'mabuleki. Ndipo pomanga pa foloko ya carbon musadalire dzanja, tengani torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), mutsatire nambala yolembedwa pa stem. Zambiri zimakhala 5 Nm.

Wa ku Woodstock:
Zikomo akulu. Avomera, Loweruka akaiyesa pamsewu wa m'phiri wa Chapman's Peak ku Cape Town. Handulo yatsopano yodula ya carbon sindiitanitsa mpaka atabwerako.