Banja Lathu: Ulendo wa Agogo ku Zomba

Naphiri (msungichuma): Mwadzuka bwanji nonse. Za ulendo wa Agogo uja. Tinapangana K1,500 khomo lililonse pofika kumapeto kwa Meyi. Tili mu Juni tsopano, makomo amene apereka ndi 5 mwa 12. Mayina sinditchula, aliyense akudzidziwa.

Amalume a ku Matero: Tchula, Naphiri. Ine ndinanena kale: basi ya Rosa imodzi, tonse pamodzi, ndalama patsogolo.

Mzime: Amalume, Rosa mpaka ku Zomba osapuma? Kuchoka muno mu Lusaka kukafika ku Chipata kokha ndi makilomita oposa 550. Ndiye tiwoloke pa Mwami, kenako Mchinji, Lilongwe, Dedza, Ntcheu, Balaka, Liwonde. Msana wa Agogo sungapirire.

Azakhali a ku Chipata: Mudzagona kuno kwathu. Mphasa zilipo, nkhuku ziwiri ndasunga kale. M'mawa mwake tidzalawirira, pa Mwami masiku ano maofesi a mayiko awiri ali pamodzi, sitichedwa ngati kale.

Alamu a ku Chawama: Pepani ndifunseko. Bwanji osangopita nawo ku Siavonga? Ndi pafupi, mapasipoti safunika, ndalama zochepa.

Azakhali a ku Chipata: Alamu, Amayi sakufuna kukaona madzi chabe. Anabadwira ku Zomba. Bambo awo anali mesenjala pa boma nthawi ya atsamunda, Zomba ikadali likulu la Nyasaland. Azungu ankakonda phiri lija chifukwa cha kuzizira, kukatentha m'munsi ankathawira pamwamba, ndipo katundu wawo ankasenza ndi anthu athu, wapansi. Amayi ali kamtsikana ankaperekera abambo awo nsima m'njira imeneyo. Chichokereni kukwatiwa kuno sanabwerereko. Zaka zawo mukuzidziwa, tisachedwetse.

Alamu a ku Chawama: Ndamva, Azakhali. Ndimangofunsa.

Amalume a ku Matero: Za Siavonga ayi. Rosa imodzi, tonse pamodzi.

Mdzukulu wa ku UNZA: Ndawerengako pang'ono. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma nyumba ya malamulo inatsalira ku Zomba mpaka 1994, ndiye nyumba zakale za boma zikadalipo m'munsi mwa phiri. Nsonga yayitali imapitirira mamita 2,000. Pamwamba pali Emperor's View, pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, pafupi pake pali Queen's View. Kukakhala kopanda chifunga mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje.

Mzime: Nanga dzenje lakuya lija, Chingwe's Hole?

Mdzukulu wa ku UNZA: Ili mbali ina ya phiri, moyang'ana ku Shire, ndipo msewu wake ndi wafumbi. Rosa ingavutike. Agogo tingawafikitse pa damu la Mulunguzi, achinyamata tikafike ku mathithi a Williams Falls.

Achemwali a ku Chilenje: Ndili nawo pano Agogo, ndawawerengera zonsezi. Atangomva dzina la Mulunguzi aika kapu ya tiyi pansi. Akuti madzi ake ankazizira mpaka mano kuwawa, ankachapa zala zitauma. Akuti mu Julayi kumagwa chiperoni, kamvula kowaza ndi chifunga, munthu ali apa osamuona. Ndipo anena kawiri kuti tisaiwale chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda) pafupi ndi kampu, amalume awo anapita ku nkhondo ya 1914 osabwerako. Akufuna akaimepo, apemphere.

Naphiri (msungichuma): Mwamvatu. Ndiye ndalama.

Alamu a ku Chawama: Amene mukufuna nkhuku zoyera, zakula, Loweruka ndiyamba kugulitsa.

Achemwali a ku Chilenje: Mundisungire zitatu. Koma magetsi kuno athima kuyambira m'bandakucha, firiji yasungunuka yonse.

Mzime: Kwathunso. Malasha nawo akwera, thumba lomwe lija.

Azakhali a ku Chipata: Bwerani kuno nkhuni ndi zaulere. Kodi mwana uja anachira chifuwa?

Achemwali a ku Chilenje: Wachira, Azakhali, dzulo wapita kusukulu.

Naphiri (msungichuma): Abale, nkhuku ndi malasha mukambirane kumbali. Mwini Rosa akufuna theka la ndalama pofika pa 15, apo ayi apatsa ena. Tinasankha tchuthi cha Heroes ndi Unity chifukwa Lolemba ndi Lachiwiri palibe ntchito, ndiye galimoto zikusowa.

Amalume a ku Matero: Ndi zimene ndinanena. Ndalama patsogolo. Zisakhale ngati za chiliza zija, ena kunyamula katundu, ena kudzangojambulitsa.

Azakhali a ku Chipata: Achimwene, zimenezo tinazikwirira. Tisazifukule pamaso pa ana.

Amalume a ku Matero: Sindinatchule munthu.

Achimwene a ku Chelstone atuluka pagulu

Mzime: Eee.

Achemwali a ku Chilenje: Ndiwaimbira madzulo. Ntchito inawathera mu Epulo, si kuti akukana. Ngati kuli kotheka gawo lawo tigawane, Agogo adzafunsa akapanda kuwaona m'basi.

Naphiri (msungichuma): Ine ndiikapo K300. Enanu nenani. Achimwene a ku Johannesburg, ndikuona kuti mauthenga mukuwerenga. Mungonena inde kapena ayi, tidziwe mipando.

Mdzukulu wa ku UNZA: Za kogona bwanji? Pamwamba pali hotela ya Ku Chawe.

Naphiri (msungichuma): Thumba lathu silifika pamenepo, tili anthu ambiri. Tigona m'tauni, pamwamba tidzakwera m'mawa, Agogo akamwepo tiyi akuyang'ana tauni yawo m'munsi. Zimenezo ndaziika kale mu bajeti. Ndalama zogulira masitiroberi a m'mbali mwa msewu aliyense atenge zake, ndipo musinthiretu makwacha a ku Malawi.

Azakhali a ku Chipata: Majuzi, zipewa, mabulangete. Amayi muwatengere mankhwala awo a BP okwanira sabata yonse ndi kabuku kawo ka kuchipatala.

Achemwali a ku Chilenje: Pasipoti yawo ndaiona, ili bwino. Koma ya Mzime?

Mzime: Inatha mu Janyuwale. Mawa m'mawa ndili pamzere.

Amalume a ku Matero: Wopanda pasipoti atsala pa Mwami, Rosa siyembekeza munthu. K500 ya mnyamata wa ku Chelstone ndatumiza pa Airtel Money, Naphiri ona foni yako.

Naphiri (msungichuma): Yafika, Amalume, zikomo. Yatsala K700 pa gawo lawo, ndi makomo ena 6 sanapereke. Lachisanu ndilemba mayina.