Ndithandizeni kusanthula Salimo 136

Abale ndi alongo, makamaka aphunzitsi a Chichewa ndi otsogolera makwaya, ndabwera ndi pempho. Loweruka likudzali ndikaphunzitsa achinyamata a kumpingo kwathu kapangidwe ka ndakatulo ya Salimo 136, ndipo pena pandiimitsa mutu.

Za kubwereza mawu ndazimvetsa. Salimoli lili ndi mavesi 26, ndipo vesi lililonse limatha ndi mawu amodzimodzi onena kuti chifundo cha Mulungu nchosatha, ngakhale pamene likukamba za kukanthidwa kwa mafumu Sihoni ndi Ogi. Ine ndimamva ngati mtsogoleri akuyambitsa, gulu nkumavomera, monga timaimbira pamaliro.

Vuto lili pa kayendedwe ka mizere. M'Chihebri mawu obwerezedwawo ndi atatu okha, "ki le'olam chasdo", maphatikizo 6. M'Chichewa, "pakuti chifundo chake nchosatha" ndikupeza maphatikizo 11, koma ndikatchula "n" ya mu "nchosatha" payokha akukwana 12. Tiwerenge ziti? Kapena kuwerenga maphatikizo nkosathandiza, tizingomvetsera pamene liwu likukoka, popeza ife timatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto?

Nanga kufanana kwa mamvekedwe kumathero a mizere? Alakatuli achihebri sankadalira zimenezi, ankafananitsa maganizo, mzere wachiwiri nkutsindika woyamba. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu, ndiye mizere imangofanana yokha. Kodi ndiwaphunzitse anawa kuti limeneli ndi luso, kapena ndisalitchule nkomwe? Sindikufuna kuwasocheretsa. Amene munaphunzitsapo ndakatulo zachipembedzo, chonde ndiuzeni mmene munkachitira.