Kusiyanitsa chizungulire cha m'khutu ndi cha muubongo pabedi la wodwala

Wophunzira udokotala:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Usiku wathawu tinalandira bambo wachikulire wodwala shuga, amene anakhala akumva chizungulire chosalekeza kwa maola 12, akusanza, maso ake akugwedera okha. Ndinamuyeza ndi njira ya Dix-Hallpike, kutembenuza mutu wake madigiri 45 n'kumugoneka chagada, koma ndinangomuwonjezera nseru popanda kupeza yankho. Kodi ndinalakwitsa pati?

Dokotala wa za ubongo:
Munasankha njira yosagwirizana ndi vuto lake. Dix-Hallpike ndi ya munthu amene chizungulire chimamugwira akamatembenuka pabedi n'kumusiya mphindi imodzi isanathe, chifukwa timiyala ta kashiamu tasochera m'timachubu ta mkati mwa khutu. Wodwala wanuyo, popeza chizungulirecho sichikuleka ndipo maso akugwedera ngakhale atakhala phee, amafunika njira ya HINTS, yomwe ndi mayeso atatu oona mmene maso akuyendera, imene inafalitsidwa mu 2009. Muuzeni ayang'anitsitse mphuno yanu, mugwire mutu wake ndi manja awiri, ndipo muutembenuze mwachangu koma pang'ono chabe. Maso akachoka pamphuno panu kenako n'kubwereranso modumpha, nthawi zambiri wavulala ndi mtsempha wa m'khutu. Maso akakhazikika osasuntha, ophunzira ambiri mtima umawakhala pansi, pamene apo ndi pofunika kuopa sitiroko ya kumbuyo kwa ubongo. Onaninso ngati kugwederako kukusintha mbali iye akayang'ana kumanja ndi kumanzere, komanso ngati diso limodzi likukwera kapena kutsika mukamaphimba maso mosinthanasinthana. Chimodzi chokha mwa zitatuzi (maso okhazikika, kugwedera kosintha mbali, kapena diso lokwera kapena kutsika) n'chokwanira kuti muitane akuluakulu msanga.

Namwino wa m'wodi:
Ndiwonjezerepo kuti musamusiye asanaimirire, inu muli pambali pake. Wa vuto la khutu amadzandira n'kupendekera mbali imodzi koma amayenda ndithu, pamene amene akulephera ngakhale kukhala tsonga popanda kugwira zitsulo za bedi amandidetsa nkhawa kwambiri. Mvetseraninso malankhulidwe ake, ndipo mufunseni ngati akuona zinthu ziwiriziwiri.

Dokotala wa za ubongo:
A namwino anena zoona. Ndipo musadalire CT (sikani yojambula mkati mwa mutu) yooneka bwino, chifukwa imaphonya sitiroko zambiri za mbali imeneyi, ndipo ngakhale MRI, sikani ya maginito yoonetsa ubongo bwino kuposa CT, imatha kuziphonya m'maola 48 oyambirira.

Wophunzira udokotala:
Zikomo kwambiri. Bamboyo sindinamuimiritse n'komwe, choncho ndikubwerera kuwodi kukamuyezanso pamodzi ndi dokotala wamkulu.