MGB ya 1972: ndikaponda buleki nyale yakumbuyo ikuzilala

Wofunsa:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi MGB ya 1972, ya negative earth (negative ya batire imamangidwa pa bodi), yangochoka kopentetsa. Paking'i ikamayaka yokha zonse zili bwino. Koma ndikaponda buleki, nyale yakumbuyo kumanzere ikuzilala m'malo mowala kwambiri, ndipo ndikayatsa indiketa ya mbali yomweyo, babu la buleki nalo likumaphethira. Mahedilaiti akuwala mofiirira. Mababu ndi atsopano, mafyuzi ndi abwino, batire ikuwerenga 12.6V. Ndiyambire pati?

Wamagetsi:
Achimwene, mwadziyankha nokha pomwe mwati yachoka kopentetsa. Nyale imeneyo ilibe earth, ndiye kuti njira yoti moto ubwerere ku negative ya batire. Pa galimoto zimenezi moto umapita ku nyale yakumbuyo pa waya, koma pobwerera umadzera m'chitsulo cha nyaleyo, m'mabawuti ake, n'kulowa m'bodi. Penti yatsopano yatseka njira imeneyo.

Babu la buleki ndi paking'i ndi limodzi, lili ndi timawaya tiwiri mkati, ka 21W ndi ka 5W, ndipo tonse timadalira earth imodzi. Earth ikasowa, moto wa buleki umafunafuna potulukira. Paking'i ikakhala yoyaka, kawaya ka 5W kamapezeka kali ndi 12V uku ndi uku, ndiye kamazima. N'kuzilala mukuonako. Yesani izi: zimitsani paking'i, wina aponde buleki, inu mukaone kutsogolo. Mukapeza timababu ta paking'i takutsogolo tikuyaka mwa apo ndi apo, ndiye kuti moto wa buleki ukubwerera kudzera pa waya wofiira wa paking'i.

Musanamasule chilichonse, tengani waya wautali, mbali ina ku negative ya batire, inayo mukhudzitse pa chitsulo cha nyale. Zikakhala bwino pompo, vuto mwalipeza. Masulani nyaleyo, palani penti ndi sandipepa mozungulira bowo la bawuti mpaka chitsulo chiwale, ikani star washer kuti mano ake alume chitsulo, mangani, kenako pakani Vaseline pamwamba kuti dzimbiri lisabwere. Chabwino koposa n'kuonjezera waya wakuda wa 1.5mm² wokhala ndi ring terminal (kachitsulo ka bowo lolowetsamo bawuti), kuchokera pa nyale kupita pa bawuti ya bodi. Chitani mbali zonse ziwiri, chifukwa yakumanja nayo yangotsala pang'ono.

Wa multimeter:
Ndikugwirizana ndi akulu ayankha pamwambapa. Za mahedilaiti zokha ndiye musaganizire, yezani. Komanso musayeze ma ohm: kawaya kamodzi kotsala pa waya woduka kamawerenga bwinobwino pa mita, koma sikangapititse ma amp 9 omwe mababu awiri a 55W amakoka. Yezani ma volt amene akutayika nyale zili chiyakire.

Ikani mita pa DC. Chingwe chimodzi pa negative ya batire, china pa waya wakuda kuseri kwa babu. Ikawerenga kuposa 0.2V, earth ya hedilaitiyo ndi yoipa. Kenako chimodzi pa positive ya batire, china pa waya wobweretsa moto ku babu. Kuposa 0.5V, moto ukuthera m'njira. Musaone ngati ndi zochepa: volt imodzi yokha ikatayika, kuwala kwa babu kumatsika ndi pafupifupi kotala.

Mitundu ya mawaya a Lucas, kampani yomwe inapanga zamagetsi za galimotoyi, ikuthandizani. Wakuda ndi earth, wabulauni umachokera ku batire wopanda fyuzi, wofiira ndi paking'i, wabuluu wa mzere wofiira ndi dimu, wabuluu wa mzere woyera ndi fulu, wagirini wa mzere wapepo ndi buleki, wagirini wa mzere wofiira ndi indiketa yakumanzere. Tsatani waya wabuluu kuchokera ku swichi ya mahedilaiti, muziyeza pa joini iliyonse. Kawirikawiri wolakwa amakhala ma bullet connector (majoini a mitu ya mawaya yolowa m'timapaipi) a kuseri kwa girilo, omwe amamwa madzi n'kuchita zobiriwira mkati. Tsukani mitu yake, koma timapaipi tolumikizira mungosintha, chifukwa tikakalamba timang'aluka m'kati mwa labala osaoneka.

Ngati moto ukuthera mu swichi, ikani ma relay awiri, ina ya dimu ina ya fulu, motsatira manambala olembedwa pa miyendo yake: 30 ku waya wabulauni kudzera pa fyuzi ya 15A, 87 ku mababu ndi waya wa 2.5mm², 86 ku waya wakale wochokera ku swichi, 85 ku earth.

Makaniko:
Ziwiri zoti muonenso, bambo. Babu la 21/5W lili ndi timapini tosalingana kutalika pomwe tili, ndipo pa holder yotha limalowa mozondoka mukalikakamiza. Likatero paking'i imawala kwambiri, buleki osaoneka. Litulutseni muone.

China ndi earth yaikulu. MGB ya chaka chimenecho inabwera ndi mabatire awiri a 6V kuseri kwa mipando, ndipo chingwe cha negative chimamangidwa pa bodi pomwepo, malo achinyezi. Palani pamenepo, muonenso lamba wa earth wolumikiza injini kapena giyabokosi ndi bodi. Akatha ameneyo, moto wa sitata umadzera mu kebulo ya choke mpaka imatentha. Yezani pakati pa injini ndi negative ya batire wina akuliza sitata, isapitirire 0.5V. Ndipo musanagwire waya wabulauni, chotsani kaye negative ya batire, chifukwa ukangokhudza bodi palibe fyuzi yoti ipse, amapsa ndi mawaya.