Mmene yathera nkhani ya madzi odontha kuchokera kufulati yapamwamba

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa kuti amalipira ndani madzi a kufulati yapamwamba akamadontha pasiling'i ya bafa langa. Ndinatsata malangizo oti ndisakangane ndi aneba, koma ndilembere kalata komiti ya eni mafulati, n'kuikamo zithunzi zosonyeza tsiku.

Pulambala anatseka mipopi yonse m'fulati yapamwambayo n'kulemba manambala a pamita. Patatha maola awiri mita inali itayenda, kusonyeza kuti pobookapo panali kumbali ya mwini fulatiyo. Anapapeza pajoini ya paipi, kuseri kwa sinki mkati mwa khoma. Malamulo a nyumba yathu amati paipi yaikulu yodutsa nsanjika zonse ndi ya tonse, imakonzedwa ndi ndalama zosonkha mwezi ndi mwezi, koma yochoka pamita kulowa m'fulati ndi udindo wa mwiniwake. Anebawo alipira pulambala, akonzetsanso siling'i yanga.

Musathamangire kupenta, chifukwa pulasitala ikadali yonyowa penti imatukuka n'kusendeka. Ine ndinadikira milungu itatu. Musasiyenso kusonkha chifukwa chopsa mtima, ngongoleyo imakhala yanu ndithu. Ndipo werengani malamulo a nyumba yanu musanalembe kalata, malire a mapaipi sakhala ofanana paliponse.