Kanema wa logo wa tsiku lopereka mphoto kwa ogwira ntchito

Wa ku Thyolo Boma: Akuluakulu, kampani ina ya tiyi ikufuna kanema wa masekondi 20, logo ikuyendayenda, woonetsa pa projekita. Holo yake ilibe makatani. Nditani kuti asaoneke wotuwa? Akufunanso banner ya mtundu wobiriwira womwewo wa pa logo.

Wa ku Chitakale: Achimwene, yambani mwafunsa za projekitayo. Zakale zambiri ndi 4:3 (chithunzi chosatambalala kwambiri), ndiye mukapanga kanema wotambalala wa 1920x1080 chithunzi chimachepa, m'mwamba ndi m'munsi mumatsala mizere yakuda. Projekita siiponya mtundu wakuda, kuda kumene mumaona ndi khoma losawalitsidwa basi. M'holo yowala chakuda chimasanduka phulusa. Kumbuyo ikani koyera, zilembo zikhale zakuda ndi zonenepa. Dzina la wolandira mphoto likhale chiimire masekondi 4 kapena 5, kuti wokhala pa benchi yakumbuyo awerenge bwinobwino. Tulutsani fayilo ya kanema ya MP4, yopanikizidwa ndi H.264, mafelemu 25 pa sekondi.

Wa ku Luchenza: Za banner samalani. Kompyuta imaonetsa mitundu ndi kuwala (RGB), makina osindikiza amagwiritsa inki (CMYK), ndipo kubiriwira kwa nsonga ya tiyi ndi kumene kumatuluka kozilala posindikiza. Pemphani asindikize kachidutswa kaye musanalipire yonse. Logo akupatseni ya vector (yosawonongeka poikulitsa), osati yotumizirana pa WhatsApp, yomwe imagumuka mukaikulitsa.

Wa ku Chitakale: Ndinaiwala: kanemayo akhale pa laputopu yodzaza moto ndi pa flash, ndipo mukamuyese m'holomo dzuwa lili paliwombo.